Mutu 6: Phulusa la Makope Asanu ndi Atatu

1. Amene anachita

Mwana wanga wamkazi watentha makope a bambo ake. Anawatentha dzana, Lachinayi masana, kuseri kwa nyumba, mu mgolo wodula pakati umene timatayamo zinyalala. Machesi anagwira ndi iyeyo. Koma amene anamuika machesiwo m'manja ndi azakhali ake, mlongo wa malemu amuna anga, pamodzi ndi bambo wina wa suti yoyera amene amadzitchula kuti mneneri. Ndikulemba poyera kuti aliyense asenze mbali yake.

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye musayembekezere mawu okometsera. Ndikulembera inu ana a sukulu chifukwa mwana wangayo ndi mnzanu. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, amavala yunifolomu ngati inu, ndipo m'kalasi sakhala kumchira. Si chitsiru ayi. Nchifukwa chake ndakwiya chonchi.

Bambo ake ankamutchula kuti Kanjerwa. Inenso ndimutchula choncho, ngakhale dzinalo likundiwawa pakamwa.

2. Makopewo

Amuna anga anali owotcha njerwa. Zaka makumi awiri ndi zinayi akuumba, kuyanika, kuyala uvuni ndi kusonkhezera moto. Malaya awo ndinkachapa katatu, koma utsi sunkachoka.

Chaka china kunabwera mkulu wina kudzafuna njerwa za mpanda. Kale ankaphunzitsa pasukulu ya abusa, ndipo anthu a pauvuni anangomupatsa dzina loti a Magalasi. Mkuluyo anakhala pa chikombole nkumayang'ana moto.

"Kodi mukudziwa kuti ntchito yanuyi ili m'Baibulo, koyambirira kwenikweni?" anatero a Magalasi. "Mu Chiheberi, chimene analembera Chipangano Chakale, muli liwu loti *saraf*, kutentha. Malo oyamba amene liwulo limapezeka ndi pamene anthu ankauzana kuti awotche njerwa zomangira nsanja."

Tsikulo amuna anga anafika pakhomo mano onse ali pamtunda.

"Mayi a Kanjerwa, ndili m'Baibulo!"

"Mukasambe kaye musanalowemo," ndinatero. "Mudetsa masamba."

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ankapita kwa a Magalasi ndi kope la ana a sukulu m'thumba. Anaphunzira zilembo za Chiheberi, zimene zimaoneka ngati timbedza ndi timipando, ndipo zimalembedwa kuyambira kumanja kupita kumanzere. Ankasaka paliponse pamene Baibulo latchula moto, nkulemba liwu lake la Chiheberi, nkulemba zimene a Magalasi afotokoza, nkuwonjezera zimene iwo eni aona pauvuni. A Magalasi atamwalira, iwo anapitiriza okha. Zaka khumi ndi chimodzi. Makope asanu ndi anayi.

Munthu amene sanapondepo ku sekondale. Zala ngati makala. Koma zilembo zawo zinkaima mowongoka kuposa khoma la mmisiri.

3. Chenjezo la bambo

Atayamba kudwala, dokotala anandionetsa chithunzi cha m'chifuwa mwawo. Anati utsi ndi fumbi la zaka zonse zija zadya mapapo. Ndinachiona ndi maso angawa. Sanandiuze ndi munthu wa mumsewu.

Tsiku lina masana ali pakhonde, anaitana Kanjerwa. Ine ndinali pomwepo ndikusoka batani. Ankalankhula pang'onopang'ono, akupumira pakati.

"Kanjerwa, khala apa. Moto si umodzi, mwana wanga. Aheberi ankausiyanitsa. Pali *baar*, kuyaka, ngati chitsamba chija chimene chinkayaka koma osanyeka. Pali *katar*, wa paguwa la nsembe. Umenewo ndi kufukiza, utsi nkumakwera kumwamba ngati mphatso. Ndiye pali *saraf*. Ameneyo ndi kutentha chinthu kuti chisadzabwererenso mmene chinalili. Njerwa ikapsa, ngakhale uiviike m'madzi chaka chonse, siidzakhalanso dothi.

"Fano la mwana wa ng'ombe lija analitentha ndi *saraf*. Mizinda yogonjetsedwa pankhondo, *saraf*. Zotsala za nyama zimene ankakatenthera kunja kwa msasa, *saraf*. Ndiye kunali mfumu ina, nthawi yozizira, ikuwotha moto wa pambaula. Ankaiwerengera mpukutu wa mneneri. Akawerenga pang'ono, iyo nkudula ndi mpeni nkuponya pamoto, mpaka mpukutu wonse unatha. Liwu lake ndi lomwelo. Kunalinso anthu amene ankatentha ana awo omwe kuti akondweretse milungu. Liwu lomwelonso. Ndipo Mulungu anakanitsitsa kuti zimenezo sanawatume.

"Tsono tamvera. Munthu akadzakupatsa machesi nkunena kuti ndi za Mulungu, udzamufunse kuti ndi moto uti. Zoipa zimatenthedwa, sindikukana. Koma uyambe wadziwa wekha kuti ndi zoipa. Usadzatenthe chinthu chimene sunachiwerenge. Munthu ungamupepese, koma phulusa sungalipepese."

Kanjerwa anaseka. "Ababa, ine nditenthe chiyani? Ngakhale mbaula yeniyeni imandikanika."

Patatha milungu itatu tinawaika m'manda. Makope ndinawatsekera m'sutikesi pamodzi ndi juzi yawo yobiriwira, kiyi nkumangirira pakhosi.

4. Chifuwa

Patapita miyezi isanu, Kanjerwa anayamba kutsokomola. Inali nthawi yozizira, ndipo theka la kalasi yake linkatsokomola. Ine ndinati ndi chimfine, chitha. Pamenepa ndinalakwa, ndipo sindibisa. Sindinapite naye kuchipatala chifukwa ndinkaopa kulowanso pa chitseko chimene ndinatulukira ndili wamasiye.

Ndimagwira ntchito yosita zovala pamalo ochapira nsalu za mahotela. Ndimachoka mmawa nkubwerako madzulo. Mpata umenewo ndi umene alamu anga, azakhali ake aja, analowerapo. Anayamba kumutenga mwanayo kupita naye ku mapemphero a mu holo ina yakale, kwa bambo wa suti yoyera uja. Ine ndinadziwa mochedwa.

Lamulungu lapitali alamuwo anabwera, nkukhala pampando wa malemu osapatsidwa.

"Alamu, musaumitse mutu," anatero. "Munthu wabwinobwino amalemba chobwerera mmbuyo? Munaonapo kuti? Mneneri waona zonse. Akuti m'nyumba muno muli mabuku asanu ndi anayi a mdima. Ndi amene anadya achimwene anga, ndipo tsopano ayamba mwanayu. Simukumva mmene akutsokomolera? Ndi chifuwa chomwechija. Mukufuna muike maliro awiri chaka chimodzi? Tentheni, alamu. Ikhale nsembe, mwana apulumuke."

"Mneneriyo nambala ya makope waiona m'masomphenya, kapena mwamuwerengera ndinu?" ndinafunsa.

"Achimwene anali bwinobwino asanayambe zolembalembazi."

"Analinso bwinobwino musanayambe kudzatichezera pafupipafupi. Titenthe inuyo?"

Ananyamuka akupukusa mutu. Kanjerwa anali pakhomo la kuchipinda, atamva zonse. Anatsokomola, nkuyang'ana m'dzanja lake ngati akufunamo magazi.

Lachinayi mmawa ndikuvala nsapato, anabwera.

"Mayi, ndikumva kuzizira. Mundipatseko kiyi, nditenge juzi ya ababa."

Ndinamasula kiyi pakhosi nkumupatsa. Ndinamugwiranso pamphumi. Mwana wanga anandinamiza akundiyang'ana m'maso.

5. Lachinayi masana

Zotsatirazi sindinazione ndekha. Zina wandiuza Kanjerwa yemwe, zina andiuza atelala amene timayandikana nawo. Makina awo osokera amakhala pakhonde, moyang'anizana ndi kuseri kwathu.

Nthawi yopuma kusukulu, Kanjerwa anauza aphunzitsi kuti akudwala. Atafika kunyumba anapeza azakhali ake akudikira, botolo la palafini kudzanja lina, foni kudzanja lina. Analowa, anavala juzi yobiriwira ija, nkutuluka atakumbatira makope.

Atelala anaimitsa makina.

"Iwe Kanjerwa, ukupita nawo kuti amenewo? Taima. Ine bambo ako ndakhala nawo moyandikana zaka khumi ndi zisanu. Ankabwera pakhonde pano kudzandiwerengera zimenezo mpaka ine kusokera thumba la buluku kunja. Ufiti ndinaumvamo ine? Munali za njerwa, za mafumu, za Mulungu. Ngati ukuopa chifuwa, chipatala chili apo, ndikuperekeza pompano ndi phazi langa lotupali. Ngati ukuopa makopewo, bwera nawo ndikusungire pansi pa nsalu. Dikira mayi ako abwere. Maola anayi okha. Chinthu chabwino sichiopa kudikira maola anayi. Amene akukufulumizitsawa akudziwa kuti mayi ako akafika, sizitheka."

"Atelala, sokani zigamba zanuzo," anatero alamu anga. "Mwanayu akafa, inu mudzangopeza ntchito yosoka nsalu zamaliro."

Atelala anatenga foni yawo nkundiimbira.

Kanjerwa anaponya makope mu mgolo, azakhali nkuthira palafini nkuyatsa. Moto unalilima kamphindi nkuzima, chifukwa mapepala othinana sapsa msanga. Ndiye mwana wanga anachita chinthu chimene chikundilasa mpaka lero. Anawatulutsa, nkuwaimikanso mu mgolomo awiriawiri, nkusiya mipata pansi kuti mphepo izidutsa. Anawayala ngati mmene bambo ake ankayalira uvuni. Luso limene anamuphunzitsa ndi limene anawatenthera nalo.

Alamu anaimbira mneneri uja nkukweza mawu a foni.

"Imeneyo ndi nsembe, mwana wanga!" ankafuula bamboyo. "Utsi ukukwera? Ukukwera?"

Kanjerwa anali atagwira machesi. Anatulutsa kamtengo kamodzi m'bokosi. Kenako anayandikira foni ija.

"Pepani abusa, kodi umenewu ndi moto uti?"

"Wati chiyani?"

"Ndi moto uti? Ababa ankati..."

"Moto ndi moto! Amene akufunsa mwa iweyo ndi mzimu wa m'mabukumo. Yatsa, kapena mwezi uno suutha!"

Mwamva, ana inu? Sanaiwale. Anakumbukira mawu a bambo ake, anafunsa funso lake, ndipo yankho linaonetseratu kuti munthuyo sadziwa kanthu. Anatsokomola kawiri. Nkuyatsa.

Mu mgolo munalowa makope asanu ndi atatu. Lachisanu ndi chinayi linali litagwera pambali. Atalitola kuti aliponye, linatseguka. Tsamba loyamba silinali la Chiheberi. Panalembedwa kuti: *Kwa Kanjerwa, akadzakula.*

Azakhali anali atatsinzina, manja m'mwamba. Kanjerwa analilowetsa m'kati mwa juzi.

6. Khoma la kumpopi

Ine ndinasiya simbi pa nsalu ya eni ake nkuthamanga. Minibasi inkaima paliponse ngati ikuchita dala. Nditatsika, utsi ndinauonera patali.

Ndinapisa manja mu mgolo osaganiza. Zala ziwirizi zatupa mpaka lero, ndipo cholembera ndikugwira movutikira. Ndinatulutsamo timawaya tomangira masamba ndi kachidutswa ka chikuto. Kachidutswako kanafumbutuka ndisanakaonetsetse. Zaka khumi ndi chimodzi zinakwana m'dzanja limodzi.

"Alamu, thokozani," anatero azakhali. "Nyumba yayera."

Ndinawafulatira. Mwanayo sindinamumenye, ngakhale dzanja linkafuna. Ndinamugwira pamkono nkumukokera ku khoma la kumpopi, limene sitinalipake pulasitala. Nyumba yathu anamanga ndi bambo ake, ndi njerwa zawo zomwe.

"Gwada," ndinatero. "Werenga mizere itatu kuchokera pansi. Ukuona chiyani?"

Anagwada nkuwerenga mizere.

"Ndati ukuona chiyani?"

"Zilembo."

"Analemba ndani?"

"Ndine."

"Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Unkapita kuuvuni kukapereka madzi akumwa, bambo ako nkukupatsa msomali kuti uzilemba pa njerwa zaziwisi. Apa unalemba *saraf*, zilembo zitatu, china chopendekeka. Anaiwotcha njerwayo, nkubwera nayo atakulunga m'malaya ngati khanda. Ngati zilembozi ndi ufiti, mfiti yoyamba m'nyumba muno ndiwe. Zaka zisanu ndi zinayi wakhala ukutsuka mbale pafupi nayo, sunadwalepo. Tenga palafini wotsalayo. Thira. Yatsa. Tione ngati zipsenso kachiwiri!"

Anagwira njerwayo ndi chala, nkutsatira zilembo kuchokera kumanja. Kenako analira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro.

Sindinamutonthoze. Ndinali ndisanamalize.

"Bambo ako anakuuza za mfumu ija yotentha mpukutu. Mneneri wake anali moyo, ndipo anaulembetsanso wonse. Bambo ako ali m'manda. A Magalasi ali m'manda. Ine zilembozi sindizidziwa. Alembenso ndani? Ndinkatsegula sutikesi ija nkumangoyang'ana dzanja lawo, osamva kanthu, koma ndinkadziwa kuti ndi iwowo akulankhula. Iwe wawatseka pakamwa kachiwiri."

Utsi unamulowa, ndipo anayamba kutsokomola kwambiri, atagwira pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Ziwanda zikutuluka! Zikutuluka!" anakuwa azakhali. Kenako anasiya, nkuyang'anitsitsa. "Taimani. Chili m'juzimo nchiyani? Ine ndinawerenga asanu ndi atatu mu mgolomu."

Foni ija inali isanadulidwe. Mawu a bambo wa suti yoyera anatuluka m'dzanja la alamu, ozizira tsopano, osafuula.

"Limene wabisalo ndiye mutu wa onse. Ubwere nalo Lamulungu mmawa, udzalitenthe wekha pamaso pa mpingo. Ukapanda kutero, usadzati sindinakuuze."

Ndinatola chitsulo chotokosera zinyalala. Alamu anga ndi onenepa, koma tsikulo anadutsa pachipata ngati mtsikana. Nsapato yawo imodzi ikadali pano. Akaifuna adzaitenge okha.

7. Lamulungu liyamba kufika

Dzulo mmawa ndinapita naye kuchipatala. Chitseko chija ndinalowapo. Anamupima, anamutenga makhololo, nkunena kuti zotsatira tikamve Lolemba. Adokotala anati mwina si chinthu chachikulu, ndipo ngakhale chitakhala chifuwa chachikulu, mankhwala alipo ndipo anthu amachira.

Tili m'njira ndinati, "Wamva?"

"Ndamva, mayi. Koma Lolemba ndi kutali. Lamulungu ndi limene liyambe kufika."

"Ndiye?"

"Nanga akakhala kuti akunena zoona? Nanga ndikapanda kufika Lolembalo?"

"Kope lija waliwerenga?"

"Mzere woyamba wokha. Ndikuopa kutsegula tsamba lachiwiri."

"Ukuopa ufiti, kapena ukuopa bambo ako?"

Anafulumiza mapazi, nkundisiya mmbuyo.

Kopelo lili pansi pa pilo wake. Ndikudziwa. Mmawa uno akusamba ndinalowa m'chipinda, ndinanyamula piloyo, ndinaliona. Chikuto chabuluu, pakona pali chidindo cha chala chamakala. Ndikanatha kulitenga nkukalisiya kwa atelala. Dzanja linafika pafupi. Koma silinalembedwe kwa ine. Ndipo ndikalibisa, iye adzakhulupirira mpaka kukalamba kuti munalidi chinthu choopsa, ndipo munthu wina wa suti akadzamupatsanso machesi, adzayatsa. Ndinabwezera pilo.

Ndinangomuuza mawu awa, atakhala pabedi tsitsi lili lonyowa:

"Sindikulanda. Ndi lako. Asanu ndi atatu unatentha osawerenga, ndipo mlandu umenewo udzayenda nawo wekha. Ili uliwerenge kaye mpaka tsamba lomaliza. Ukapezamo ufiti, bwera undiuze, machesi ndikuyatsira ndine. Koma ukatuluka nalo pakhomo pano mawa usanaliwerenge, udziwe kuti sukupereka nsembe. Ukukatenthera bambo ako kunja ngati zinyalala, anthu akuwomba m'manja."

Lero ndi Loweruka, dzuwa lapendeka. Chitseko cha chipinda chake chatsekedwa kuyambira masana. Ndikumva akutsokomola. Sindikumva tsamba likutembenuzidwa. Diresi lake lopitira kutchalitchi walisita, lapachikidwa pamsomali. Ndapita kukhitchini kuti ndiyatse moto, ndapeza bokosi la machesi palibe.

Tsono iwe amene ukuwerenga izi, iwe wa msinkhu wake, usandiuze kuti Kanjerwa ndi wopusa ndipo iwe sukanatero. Nayenso ankati mbaula imamukanika. Ndikufunsa iweyo. Ukutsokomola ngati mmene ankatsokomolera bambo ako. Munthu wamkulu wakuuza pamaso pa anthu kuti mwezi uno suutha. Kope lili pansi pa pilo, machesi ali m'thumba, ndipo Lolemba lili kuseri kwa Lamulungu. Ukutsegula tsamba lachiwiri, kapena ukuvala diresi?

Usayang'ane aphunzitsi. Usayang'ane mnzako wa pambali. Ndafunsa iwe. Ndiyankhe.